Anduna a Kunyumba Kwanga ndi Mpunga wa Amayi

Munthu amene anandisokonezera banja sindinamuonepo, ndipo iye sadziwa n'komwe kuti padziko pano pali malo otchedwa Domasi. Ndi mzungu wa ku America. Akuti anayamba ndi kuyendetsa katauni kakang'ono, kenaka anakhala gavanala wa chigawo cholima chimanga chambiri, mapeto ake n'kukhala nduna ya zaulimi ya dziko lonselo. Mbiri yake ndimaidziwa kuposa ya atsibweni anga enieni. Amuna anga anaimva pa wailesi tsiku lina m'mawa, basi, kuyambira pomwepo ine ndinasanduka mpingo wawo. Ankandilalikira pa chakudya, panjira ya kutchalitchi, ngakhale kudambo madzi ali m'mawondo.

"Mayi, mwaona mmene anakwerera munthuyu? Sanadumphe ayi. Anayambira pansi, pakati pa alimi ngati ife tomwe."

"Ndamva, bambo. Khasu lanu ilo."

"Mlimi akapanda kulowa ndale, amamulamulira anthu osadziwa n'komwe kuti mpunga umamera pansi kapena mumtengo."

"Ndati khasu lanu ilo."

Musandimve molakwa. Amuna anga si waulesi. Anabwera kwathu kuno pa chikamwini kuchokera cha ku Malosa ali mnyamata, ndipo malemu amayi anawakonda chifukwa cha manja awo. Akasalaza munda wa mpunga, madzi amagona mofanana kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, osasiya chulu kapena chithaphwi. Anthu ankabwera kudzaonera. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, ndipo kuchipani chawo anali wapampando wa kadera kathu, udindo womwe ntchito yake yaikulu inali kuyala mabenchi kukabwera alendo. Zimenezo sizinkandivuta. Zinandivuta pamene mabenchi anawachepera.

Chaka chimenecho anandiuza kuti aima nawo pa chisankho cha chipulula, chija chipani chimasankha munthu mmodzi woti adzachiimire pa ukhansala. Ukhansala unali poyambira chabe. Pambuyo pake uphungu, kenaka unduna wa zaulimi. Anazinena ali phee, akusenda chinangwa, ngati akunena zopita kuchigayo. Wopikisana nawo anali mwini chigayo wa kumsewu, munthu wa maminibasi, mimba ili patsogolo. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Nditaona kuti iwo sakuseka, ndinati, "Bambo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tili ndi dambo, tili ndi mbuzi, mukufunanso chiyani?" Anandiyankha kuti mzungu uja nayenso anthu ankamuseka poyamba. Kaya anazimva kuti zimenezo, chifukwa wailesi sinanene.

Anabwereka jekete kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, lalitali manja. Dimba lathu linasanduka famu. Anyamata a pa siteji ya njinga akawaona ankakuwa kuti, "Wawa anduna!" iwo n'kumakweza dzanja monyadira, osadziwa kuti akusereulidwa. Ine manyazi ankandigwira mpaka kusintha njira ya kumsika. Koma zonsezo ndikanapirira. Jekete silinaphepo munthu.

Chimene sindikanapirira ndi kukhudza mbewu ya amayi.

Tili ndi mpunga wathu pa mtundu pathu. Ena amati ndi faya, koma si faya uja mumagula pamsika. Agogo anabwera nawo kuchokera ku Mozambique ataumanga pa ngodya ya nsalu, amayi anausunga, n'kundisiyira ine ndi mng'ono wanga. Ukauphika, fungo lake limadutsa mpanda n'kukafika kwa aneba achitatu, moti sungabise kuti kwanu lero kuli mpunga. Mbewu yake sitimangotapa pa mulu ayi. Tisanakolole ndimalowa ndekha m'munda ndi kampeni, kusankha ngala zodzadza, zakupsa mofanana, kuziyanika pazokha, kuzipuntha pazokha, n'kusunga m'thumba lakelake. Thumba limenelo silidyedwa. Chaka cha njala yaikulu tinadya mango owiritsa ndi gaga, ana akulira, thumba lili pomwepo pa denga, ndipo amayi anati amene alikhudze adzawaona. Mng'ono wanga yake inapita ndi madzi osefukira, nazale yonse kukokoloka. Ndiye chaka cha ndalecho, m'chigwa monse muno, mbewu imeneyi inali ndi ine ndekha, thumba limodzi.

Mwini chigayo anayamba kugawa. Shuga, mchere, zitenje, sopo. Nthumwi zonse, anthu aja amasankhidwa m'madera kuti akavote pa chipulula, zinkangoyenda zikununkhira sopo. Amuna anga analibe chogawa kupatula mawu. Tsiku lina madzulo ndikupeta pakhonde anakhala pa mpando n'kutsokomola kaye, chizindikiro choti kukubwera zopusa.

"Mayi, munthu wa zaulimi sagawa shuga. Shuga amasungunuka mu tiyi, mawa waiwalika. Munthu wa zaulimi amagawa mbewu."

Ndinaika lichero pansi.

"Mbewu yanji?"

"Ndikungoganiza chabe. Aliyense kambale kamodzi. Chaka chamawa chigwa chonse chikununkhira, anthu n'kumati ndi ntchito za akhansala."

"Bambo a ana, ndiyang'aneni bwino. Mukakhudza thumba lija, mupinde mphasa yanu, msewu wa ku Malosa mukuudziwa. Pano mudapeza dambo, mudapeza mbewu. Simunabwere nazo."

Mawu amenewo ndi owawa kwa mkamwini, ndikudziwa, ndipo pa zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanawanenepo. Anagwedeza mutu n'kuti, "Ndamva." Koma ndamva wa amuna anga ndimamudziwa ine. Kutacha ndinasenza thumbalo kukalisiya kwa mng'ono wanga, nyumba yoyandikana nayo, n'kumuuza kuti aliike kuchipinda.

Mwatsoka, kapena ndinene mwamwayi, mwana wathu wamkazi anachira ku Zomba, mwana wake woyamba. Ndinapita kukamudikirira. Unali mwezi wa Novembala, dzuwa lija loswa mtengo, mitambo ikungosonkhana masana n'kubalalikanso. Nkhokwe zambiri m'mudzi zinali zitagona kale. Ndinakhala kumeneko masiku angapo, ndipo amuna anga ankaimba foni tsiku ndi tsiku, osati kufunsa za mdzukulu kwenikweni, koma kundikumbutsa kuti ndisaphonye tsiku la chipulula. Anali atandilembetsa mu komiti ya amayi popanda kundifunsa, kuti nanenso ndikhale nthumwi.

Ndinabwerera m'mawa wa tsiku lomwelo. Nditatsika minibasi n'kulowa kanjira ka kumudzi, ndisanafike n'komwe pa mjigo, linandimenya fungo. Ndinaima. Ndinati mwina ndi mphuno zanga, mwina ndalakalaka kwathu. Ndinayendanso pang'ono, fungo lija n'kumakulirakulira, ndipo silinkachokera mbali imodzi. Kumanja, kumanzere, kutsogolo. Mudzi wonse unkanunkhira mpunga wa amayi, mwezi wa Novembala, nthawi imene ngakhale makoswe amasamuka m'nyumba.

Mayo ine!

Ndinalowa pakhomo loyamba osaodira n'komwe. Mayi wa pamenepo, mnzanga wa ku Mvano, anali atakhazika ana ake pamphasa, aliyense ndi mbale. Pafupi ndi mtondo panali mankhusu atsopano, nkhuku zikupalasa.

"Mpungawu mwautenga kuti?"

"Iii, mayi a khansala, mwafika? Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Abambo anabweretsa dzana, m'kajumbo. Anati tifese mvula ikagwa."

"Nanga mwafesa mumphika?"

Anayang'ana pansi. "Anawa dzulo anagona ndi madzi okha, mayi."

Ndiye mundiuze, ndikanamukalipira bwanji? Kamwana kake kamng'ono kanali kakunyambita zala, kakundiyang'ana. Ndinatuluka n'kuthamangira khomo lina, chikwama cha ku Zomba chili kumutu. Kumeneko mphika unali utatsukidwa kale. Khomo lachitatu, bambo wake anandiuza mosangalala kuti anaphika phala, ndipo sanadyepo phala lokoma chotero chibadwire. Paliponse mankhusu pa mtondo. Mpunga ukasinjidwa watha, sumeranso, ngakhale uupempherere.

Mng'ono wanga ndinamupeza akutseka chitseko, atavala chitenje cha chipani. Atangondiona anayamba kulira ndisanalankhule. Akuti alamu ake anabwera n'kunena kuti ine ndaimba foni, ndati thumba alitenge akaliyanike chifukwa mwalowa anankafumbwe. Mkulu wa mpingo! Bodza lonenepa chotero! Ndipo iye akanawakaniza bwanji alamu ake, bambo a pakhomo?

"Ali kuti?"

"Apita kale ku bwalo la sukulu."

Amene simunaonepo chipulula cha kwathu kuno, chimayenda chonchi. Opikisana amawaimika kutsogolo, motalikirana, atafulatira anthu, ndipo amawamanga nsalu kumaso kuti asaone amene akubwera. Kenaka nthumwi zimandanda kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna, akuluakulu a chipani n'kuwerenga mitu. Palibe chinsinsi. Aliyense amaona pamene mnzake waima, kupatula mwini wake woimiridwayo.

Ndinafika atawamanga kale. Mzere wa mwini chigayo unali utakhota mpaka kukadutsa pa chigoli cha mpira. Ndinayenda nawo mzere umenewo munthu mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu, ndikufunsa funso limodzi: "Kajumbo kaja mwasinja?" Ena ankayang'ana kumbali. Ena ankaseka. Mayi wina anati, "Nanga mumati titani, ndi chakudya chimene chija." Bambo wina, ndevu zili ndi kanjere ka mpunga, anandiuza kuti ndisasokoneze mzere. Onsewo anali atadya mbewu ya amayi m'mawa womwewo kuti apeze mphamvu zodzaimira padzuwa kumbuyo kwa munthu wina. Asa!

Kumbuyo kwa amuna anga kunali madoda angapo a kutchalitchi, mng'ono wanga akufwenthera, ndi gogo wina wosamva amene ndikukhulupirira kuti anasochera mzere. Amuna angawo anaima chilili, chifuwa patsogolo, manja a jekete ataphimba zala, khosi likuyenderera thukuta. Ndinaganiza zokaima kwa mwini chigayo kuti mudzi wonse uone. Ndinaganizadi, sindinama. Koma ndinali ndi mawu oti ndinene, ndipo sakanadikira. Ndinawadutsa madoda aja n'kukaima kumbuyo kwenikweni kwa amuna anga, pakamwa panga pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo."

"Aa, mayi, mwafika? Ndinadziwa. Tandiuzani, tilipo ambiri?"

"Mbewu yanga ili kuti?"

"Tikambirana kunyumba. Tilipo ambiri?"

"Ndati mbewu ya amayi anga ili kuti?"

"Ili m'manja mwa alimi, mayi. Ikubwera mvulayi muona."

"Ili m'mimba mwa alimi. Asinja, aphika, adya, ndipo onse aima uko kwa mwini chigayo. Kuno kuli ine, mlamu wanu, madoda angapo a kutchalitchi, ndi agogo osamva aja."

Ndinangoona mapewa akutsika pang'onopang'ono mkati mwa jekete la eni. Owerenga anafika, sanachedwe nafe. Atawamasula nsalu sanatembenuke msanga, anayamba apukuta kaye kumaso nthawi yaitali. Kutsidya kunali nthungululu, mwini chigayo atanyamulidwa m'mwamba ndi anyamata amene ankaoneka kuti akuvutika naye kulemera.

Tinabwerera kunyumba iwo akukankha njinga, ine patsogolo. Sindinawapindire mphasa. Ndinafuna, koma ndinaona kuti akapita ku Malosa ndisowa womukalipira, ndipo ndinali ndi zambiri zoti ndinene. Ndinazinena. Ndinanena tsiku limenelo, mawa lake, ndi sabata yonse. Ankhoswe anabwera, anamva mbali zonse, n'kuweruza kuti bambo alakwa koma mayi achepetse mawu. Sindinachepetse. Ndinawafunsa amuna anga ngati mzungu wawoyo anayambapo waba mbewu ya apongozi ake. Ndinawafunsa ngati wailesi inanena kuti ku America anthu anjala amapatsidwa chakudya n'kuuzidwa kuti achikwirire pansi. Munthu wobadwira m'mudzi, wodziwa bwino lomwe kuti Novembala ndi mwezi wanji! Iwo ankangoti, "Ndinkafuna zabwino." Zabwino zake ziti? Mxii.

Anayenda okha khomo ndi khomo ndi kambale, kufunsa ngati pali amene anasungako ngakhale dzanja limodzi. Ankabwerako madzulo kambale kali mbee. Wailesi inaleka kulira pakhomo.

Mvula inagwa. Anzanga anayamba kufesa nazale, dambo lonse kubiriwira timabwalo ta mbande. Mng'ono wanga anandibweretsera faya wa pamsika kuti ndifese, ndinamubweza. Ndinkapita kudambo, kuima pa munda wathu umene bambo anali atausalaza bwino kuposa zaka zonse, madzi ali ndendende, wopanda choikamo. Kumeneko ndi kumene ndinkalirira, chifukwa kunyumba sindinkafuna kuti andione. Ndinkaona ngati amayi amwaliranso kachiwiri, ndipo ulendo uno wowataya ndine.

Tsiku lina m'mawa amuna anga anabwera kudambo komweko n'kuima patali pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Mayi, pali khomo limodzi limene sindinapiteko."

"Kwa yani?"

"Kwa mwini chigayo."

"Kumeneko mukatani?"

"Ndinawapatsako akazi ake. Beseni."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anafotokoza, maso ali pansi, kuti kumaiko a anzathu opikisana sadana, amagwirana chanza, ndiye iwo anafuna kuonetsa chitsanzo. Nthumwi zinalandira kambale kamodzikamodzi, koma mdani wawo anamupatsa beseni lathunthu! Ambuye, ndipatseni mtima. Ndinatola chibuma cha dothi, ndinachiyang'ana, n'kuchiponya m'madzi. Komabe mutu unayamba kugwira ntchito. Pakhomo pa mwini chigayo sipagona njala. Anthu okhuta sasinja mbewu.

Ndinavala chitenje chabwino n'kupita ndekha. Mayi wa pakhomopo ndi msinkhu wanga, tinavinidwa chaka chimodzi. Anandilandira pakhonde la simenti, iye pa mpando, ine ndinagwada pansi. Ndinanena chimene ndabwerera mosazungulira.

"Mpunga uja? Ndinafesa kalekale," anatero. "Wamera bwino zedi. Mukudziwa kuti ndili mtsikana ndinakapempha mbewu imeneyi kwa mayi anu, anandikaniza? Anati siituluka pa mtundu."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndiye yatuluka."

Ndinati ndigula. Anati sagulitsa. Ndinati ndibweretsa mbuzi. Anati mbuzi ali nazo. Kenaka anaganiza pang'ono n'kunena kuti aganyu akuvuta chaka chino, ndipo wamva kuti amuna anga ndi katswiri. Tibwere tonse awiri, timuwokerere munda wake wonse, mbande zimene zitsale zikhala zathu.

Tinapita. Munda wake uli m'mbali mwa msewu weniweni, pamene aliyense wopita kumsika amadutsa. Tinazula mbande za mpunga wa amayi mu nazale ya eni, kuzimanga m'mitolo, n'kuyamba kuwokera, ine ndi anduna a zaulimi, misana ili m'mwamba, matope mpaka m'ntchafu. Anyamata a njinga ankachepetsa liwiro. "Wawa anduna! Ntchito ikuyenda?" Amuna anga sanadzutse mutu ngakhale kamodzi. Ankangobaya mbande, mzere uli woongoka ngati akokera chingwe. Ine ndinkawanong'oneza kuti atalikitse mipata, aziika imodziimodzi kuti zitsale zambiri. Anakana. Anati munda wa munthu sawononga dala. Ngakhale pamenepo, pamenepo penipeni, anapeza njira yondipsetsa mtima.

Zinatsala mbande zochepa, zokula kale, zina zachikasu. Zinangokwana kangodya ka munda wathu, malo oti ungayalepo mphasa zingapo. Kwinako tinaika faya wa pamsika uja, ndinakamupempha mng'ono wanga ndekha. Kangodya kameneko ndinakalondera ngati mwana wodwala. Mbalame zikayamba, bambo ankapita kukacha ndi chitini cha miyala, kukhala komweko mpaka dzuwa kulowa. Chaka chimenecho sitinalawe ngakhale njere imodzi. Zonse zinalowa m'thumba, ndipo thumbalo tsopano limakhala m'chipinda chimene kiyi wake ndimamanga m'chiuno.

Mwini chigayo anapambana chisankho chachikulu n'kukhala khansala. Akazi ake anakolola matumba ambirimbiri. Chaka chotsatira anagawa mbewu ija kwa amayi a m'makalabu, pa msonkhano, atavala chitenje chatsopano, anthu akuwomba m'manja. Anagawa atakolola kumene, anthu ali okhuta, ndiye inafesedwa. Lero chigwa chonse chimalima mpunga umenewu. Amuna anga akamva fungo lake kwa aneba amayamba kutsokomola, kufuna kunena kuti maganizo awo aja sanali olakwika. Ndikangowayang'ana, chifuwacho chimatha.

Mwezi wathawu ndinapita kumsika kukagula mchere. Mtsikana wina wogulitsa mpunga, woti ndikhoza kumubala, anandikodola.

"Amayi, tagulani uwu. Tanunkhizani kaye. Ndi wa kwa akhansala umenewu, weniweni."

Ndinatapa pang'ono m'dzanja. Sindinafunikire kununkhiza.

"Si wa kwa akhansala uwu, mwanawe. Ndi wa amayi anga."

Anandiyang'ana modabwa, n'kumwetulira mwaulemu. "Amayi anu ndi ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, koma anali atatembenukira kale kwa kasitomala wina.